Mtsilo wa pa Chikhonde

Nyumba ija anthu a pa boma la Lundazi amangoitcha Chikhonde, chifukwa khonde lake ndi lalikulu kuposa zipinda zake. Inamangidwa nthawi ya azungu. Ena amati inali sitolo, ena amati munkasungidwa katundu wa amtengatenga, ndipo amene akanathetsa mkanganowo anagona kale kumanda. Chimene aliyense amaona ndi khoma lakutsogolo: njelwa zofiila, pakati pake njelwa zakuda zopselela zoyalidwa mokhotakhota ngati kalukidwe ka lichelo, ndi makomo atatu opindika pamwamba ngati uta.

Consolata Zimba, amene onse amamuitana kuti NyaZimba, anayamba kusoka pakhonde limeneli ali ndi mwana woyamba kumsana, ndipo lelo ali ndi adzukulu. Makina ake opalasa ndi mwendo amakhala pa nsanamila yachiwili kuchokela kumsewu, pamene mthunzi umafika msanga. Makasitomala ake sadziwa kumene iye amagona. Amadziwa Chikhonde basi. Pambali pake pamakhala mulamu wake Linah, mkazi wa mlongo wake, amene amakazinga nshawa ndi kugulitsa tiyi. Chakumapeto kuli wokonza njinga ndi azimayi ena a tomato ndi vitumbuwa.

Mwini nyumbayo anali mdala Nyirongo, munthu amene sankavutitsa aliyense bola pakhonde pasesedwe. Atamwalila, mwana wake Cornelius anabwela kuchokela ku Lusaka ndi nsapato zosongoka. Anthu asanaiwale n'komwe nyimbo za pa malilo, iye anaoneka pa Chikhonde ndi amuna awili onyamula tepi yoyezela. Sanayeze zipinda. Anayeza bwalo, kuchokela kumsewu mpaka ku mtengo wa mango wakuseli, ngati kuti nyumbayo palibe. Dzuwa lisanapendeke, msika wonse unali utadziwa kuti malowo akugulitsidwa kwa anthu ofuna kumangapo pothilila mafuta a galimoto.

Consolata sanalile. Anangoyamba kuzungulila m'boma Lamulungu akatuluka m'tchalitchi, kuyang'ana makonde a masitolo ena. Konse kunali kale atelala, kwina awiliawili, ndipo palibe amene anamuyang'ana ndi diso lomuitana.

Tsiku lina minibasi ya ku Chipata inatsitsa mayi wachitsikana atagwila siketi ndi dzanja limodzi. Zipi inali itaphulika podumpha matumba potsika. Consolata anamubweleka chitenje, n'kumulozela benchi. Mlendoyo sanakhale. Anayamba kuyenda m'mbali mwa khoma, akulisisita ndi zala ngati munthu wosankha nsalu.

"Mwataya chiyani pakhomapo, asisi?" anafunsa Linah.

"Amene anayala njelwa izi mukumudziwa?"

"Tikanamudziwa tikanamuitana adzamalize ntchito yake. Zaka zonsezi nyumba ilibe pulasitala."

Mlendoyo anaseka, nati dzina lake ndi Beverly Mulenga.

"Mulenga?" Linah anaika supuni pansi. "Mulamu, mwabweleka Mubemba chitenje? Tsanzikanani nacho."

"Musaope, amama," anatelo Beverly. "Chitenje chonunkha mbewa ndingapite nacho kuti?"

Chimbuya, kunyozana kwa nthabwala kwa pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa kuno, chikayamba chotelo, mlendo sakhalanso mlendo. Linah anamupatsa nshawa za ulele, akuti adyeko chakudya cha anthu asiye anyani amene Abemba amati amadya, ndipo Consolata, uku akupalasa makina, anamuuza kuti khomalo alione komaliza chifukwa likugwetsedwa.

Beverly anasiya kutafuna. "Ine ndimagwila ku ofesi yosunga zinthu zakale ku Chipata. Makoma otele atsala ochepa kwambili. Nyumba iyi ikalowa m'gulu la nyumba zotetezedwa, ngakhale mwini wake sangangodzuka n'kuigwetsa."

Consolata anaimitsa makina. "Tabwelezani."

Anabweleza. Kenako anawonjezela kuti sakulonjeza kanthu. Adzabwela Lachinayi la sabata yotsatila ndi galimoto ya ofesi, adzayeze, ajambule, alembe zimene waona, ndipo akuluakulu adzagamula potengela zimenezo. Adzaimbilanso foni mwini nyumba, chifukwa ndi mmene ofesi imachitila.

Loweluka m'mawa Cornelius anafika ndi kagalimoto ka katundu kodzaza matumba a simenti. Anatsika akumwetulila, n'kupeleka moni kwa aliyense ndi manja awili, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Monile mose! NyaZimba, mwamva kuti tikulandila alendo a boma?"

"Tamva, bwana."

"Nanga tiwalandile ndi khoma lotele? Taonani, njelwa zili pamtunda ngati nthiti za ng'ombe ya m'chilimwe. Angati anthu a ku Lundazi sadziwa ulemu. Nyumba ya atate anga iyi, ngati ikulowa m'mabuku a dziko, ilowe itavala."

Mawu amenewa anamukhudza Consolata pamalo pamene pankamuyabwa kale. Kuno nyumba yopanda pulasitala ndi ya munthu amene ndalama zinamuthela panjila. Usiku uliwonse kuchokela pamene Beverly anapita, iye ankaganiza za zimenezo: anthu ophunzila abwele ndi makamela, adzajambule umphawi? Anathokoza Cornelius mpaka kupinda bondo.

Cornelius anati walemba kale bilikileya, Whiteson, ayambe Lolemba, khoma lonse lakutsogolo likhale litamatidwa pofika Lachitatu. Iye akupita ku Chipata pa zina, adzabwela m'mawa wa tsiku la alendo. Makiyi a chipinda chakumbuyo anawasiya m'manja mwa Consolata.

Galimoto itapita, Linah anayang'ana matumbawo nthawi yaitali.

"Mulamu, munthu wofuna kugwetsa nyumba amaigulila simenti?"

"Mwina Mulungu wamugwila mtima."

"Mulungu akafuna kugwila mtima wa uja ayambe waufunafuna kaye."

"Inu mumakayikila ngakhale mchele kuti ndi mchele. Tandithandizani tilowetse matumbawa."

Lolemba Whiteson anabwela ndi wilibala, migolo iwili ndi matabwa okwelapo. Anasefa mchenga, n'kuthila madzi mumgolo. Atangosolola mpeni kuti atumbule thumba loyamba, foni inalila m'thumba la ovolosi. Anamvetsela, anavula chipewa, n'kubweza mpeniwo. Apongozi ake aamuna anali atamwalila ku Mwase Lundazi. Anakwela njinga osasamba n'komwe m'manja.

Consolata anamupatsa tsiku lonse, chifukwa malilo ndi malilo. Lachiwili m'mamawa anamuimbila.

"Pepani ndi zovuta, a Whiteson. Koma mukubwela liti?"

"Amama, ine pano ndine mkamwini. Nkhuni ndi ine, madzi ndi ine, bokosi ndi ine. Ana awo a ku Kitwe sanafike, ndiye kuika ndi Lachinayi. Ndikachoka ndisanaponye dothi, mkazi wanga ndimusiye konkuno."

Consolata anatseka makina, n'kupita kukafuna bilikileya wina. Woyamba anamupeza akumanga mpanda kuseli kwa msika. Anamvetsela nkhani yonse, kenako anapukusa mutu.

"Ntchito ya mnzanga, iye ali pa malilo? Mukufuna anthu anene kuti ndinkadikila apongozi ake afe?"

Wachiwili ananena zomwezo m'Chitumbuka. Wachitatu sanalole n'komwe kuti amalize kufotokoza.

Anabwelela pa Chikhonde dzuwa lili paliwombo, mapazi atatuwa. Anaima mumsewu n'kuyang'ana khoma lija. Linali monga linalili masiku onse, lofiila, lamaliseche, ndipo alendo anali kubwela mkuja. Simenti inalipo, mchenga unalipo, koma pakhondepo panalibe amene anagwilapo chomatila cha bilikileya. Wokonza njinga anati iye amadziwa masipoko okha.

"Ndiye tizila," anatelo Consolata.

"Tichite chiyani?" anafunsa Linah.

"Tizile. Kwanu kukamabwela apongozi mumadikila bilikileya?"

Kuzila ndi ntchito imene mkazi aliyense wokulila kumudzi ali nayo m'manja. Khilisimasi ikayandikila, kapena kukamveka kuti kukubwela alendo olemekezeka, amakumba mtsilo kudambo, dothi lonona lija, amalikanya ndi madzi, amalipaka pansi ndi m'makoma, kenako amalisalaza ndi nkhulungo, mwala wosalala wa kumtsinje, mpaka liwale. Azimayi a tomato ndi vitumbuwa sanafunikile kuwanyengelela. Nawonso Chikhonde chikagwa analibe kolowela. Anafunditsa malonda awo ndi masaka, anatenga wilibala ya Whiteson ndi makasu, n'kutsetseleka kudambo.

Vuto linali mtundu. Mtsilo wa kumeneko ndi wakuda, ndipo aliyense wodutsa akanadziwa kuti ndi dothi. Consolata sanafune zimenezo. Anatuma kukapempha phulusa m'malesitilanti a pa siteshoni ya mabasi, analisefa ndi lichelo, n'kuyamba kusakaniza pang'onopang'ono. Akasakaniza, ankapaka kachigamba pa njelwa, kudikila kaume, n'kupita nako kukayelekeza ndi khoma la simenti la sitolo yoyandikana nayo, monga amachitila posankha ulusi wogwilizana ndi nsalu. Kachisanu kapena kachisanu ndi chimodzi anagwedeza mutu. Ngakhale mwini sitoloyo anavomela kuti sakusiyanitsa.

Anayambila pamwamba. Linah, amene amaopa ngakhale kukwela njinga, anapezeka ali pa thabwa pamwamba pa migolo, chitenje atachimanga ngati kabudula, akutukwana aliyense wogwedeza mgolo. Anyamata a minibasi ankaima kuti aonelele.

"Amama, mwalembedwa ntchito ku kansolo?"

"Bwela pafupi ndikuzile kukamwa, mwina ungaoneke bwino!"

Dothi linalowa m'mizele ya njelwa, linakwilila zofiila, linakwilila zakuda zokhotakhota zija. Consolata anazungulila makomo opindika aja ndi chala, kuti m'mphepete mukhale mowongoka ngati mpendelo wa siketi. Lachitatu lonse linali la nkhulungo. Anasalaza mpaka mapewa anauma, zala zinang'ambika ndi phulusa, ndipo mphepo ya mwezi wa Ogasiti inawathandiza kuumitsa. Pofika madzulo Chikhonde chinali chotuwa, chosalala, chooneka ngati ofesi ya boma.

Consolata anasonkhanitsa onse. Matumba a simenti anawakankhila pakona ya chipinda chakumbuyo, anawafunditsa nsalu zakale, n'kukhoma chitseko.

"Aliyense atseke pakamwa," anatelo. "Alendo asadziwe kuti tawalandila ndi matope, ndipo a Nyirongo asadziwe kuti simenti yawo sinagwile ntchito. Alendo akapita, a Whiteson adzamata zenizeni. Ndipo wina asalole mlendo kuyandikila khoma."

Lachinayi Cornelius ndiye anayamba kufika, atavala suti ya buluu. Anatsika m'galimoto, anaima patali kuti fumbi la pakhonde lisamudetse, n'kuwomba m'manja.

"Whiteson ndi mwamuna! Palibe njelwa ngakhale imodzi ikuoneka. NyaZimba, mwayang'anila bwino."

"Yewo, bwana," anathokoza Consolata m'Chitumbuka, manja atawabisa m'chitenje.

Posakhalitsa galimoto yoyela ya ofesi inaima kutsidya kwa msewu. Beverly anatsika ndi kamela pakhosi ndi chikwama paphewa. Anayenda mpaka pakati pa msewu, n'kuima. Wanjinga wina anachita kumulizila belu kuti asunthe. Anayang'ana kumanzele, anayang'ana kumanja, ngati munthu amene watsika pa siteji yolakwika.

Azimayi anayamba nyimbo yolandilila alendo imene anakonza, koma inafela pa mzele wachiwili, chifukwa nkhope ya mlendoyo sinali ya munthu woimbilidwa.

Beverly anakwela pakhonde akulunjika kukhoma. Consolata anamutchingila ndi mpando.

"Khalani apa, mayi, mwayenda ulendo wautali."

Beverly anapatuka kuti adutse mbali ina. Linah anali kale pamenepo ndi kapu ya tiyi.

"Imwani kaye, ambuya. Mulibe nyani m'menemu, koma mupilila."

Beverly sanaseke, ndipo kapuyo sanailandile. "Ndani wachita izi?"

"Ndine, mayi," anatelo Cornelius, dzanja lili pachifuwa. "Ndi mtima wanga wonse. Simenti yeniyeni, yosanyenga, bilikileya wodziwika boma lonse. Ndinati alendo asatipeze tili osasamba."

"Bambo Nyirongo, pa foni ndinakuuzani kuti musakhudze chilichonse."

"Aa! Netiweki ya kuno, mayi, inu simuidziwa. Ine ndinamva ngati mukuti tikonze."

Beverly anavula kamela pakhosi n'kuiika m'chikwama. Polankhula anayang'ana Consolata, ndipo mawu ake anali otsika.

"Amama, chimene ndinabwelela ndi njelwa zija. Kayalidwe kaja ndiko kanali mlandu wanga wonse kwa akuluakulu. Njelwa zakale ndi zofewa, simenti ndi yolimba. Ikagwila yagwila. Mukati muigobe, imachoka ndi nkhope ya njelwa, kumatsala zibuma zokumbikakumbika. Tsopano ndikalembe chiyani? Kuti ndapeza khoma lotuwa ngati la chimbudzi cha pa siteshoni?"

Nshawa za Linah zinayamba kupselela pa mbaula, ndipo palibe anazitakasa.

"Pepani kwambili, mayi," anatelo Cornelius. "Umbuli ndi matenda. Ndiye kuti basi?"

"Ndikalemba zimene ndaona," anatelo Beverly, n'kutsika pakhonde.

Consolata amayeza anthu tsiku ndi tsiku, ndipo amadziwa munthu amene akukoka mimba kuti tepi iname. Anayang'ana Cornelius. Nkhope inali yachisoni, koma dzanja linali kale m'thumba la jekete kufunafuna foni, ndipo nsapato yosongoka ija inali kuvina yokha pafumbi. Apo ndi pamene anamvetsa chimene simenti ija inabwelela.

Linah anamutsina m'nthiti. "Mulamu, lankhulani."

Consolata anayang'ana kumsewu. Msewu unali utadzaza anthu. Kunali mwini sitolo yoyandikana, anyamata a minibasi, ngakhale mkazi wa abusa. Kunena pamaso pa onsewa kuti mayi wamkulu ngati iye anafuna kupusitsa boma ndi matope a kudambo sichinali chinthu chopepuka. Koma dalaivala anali atatsegula kale chitseko cha galimoto.

"Mayi Mulenga!"

Beverly anacheuka.

"Nanga chikanakhala chinthu china, osati simenti?"

"Monga chiyani?"

Consolata ananyamula ndowa imene Linah amatsukila makapu, anabwelela m'mbuyo pang'ono, n'kukhuthulila madzi onse pakhoma, pakati pa khomo loyamba ndi lachiwili. Khoma linada. Fungo la kudambo linadzaza khonde lonse, fungo la mvula yoyamba. Anatola saka pansi n'kuyamba kupukuta ndi mphamvu. Matope anatsetseleka ngati phala, anamudonthela m'mapazi, ndipo pansi pake panatuluka njelwa yofiila, kenako ina, kenako yakuda.

Beverly anawoloka msewu akuthamanga. Panalibenso womutchingila. Anakanda khoma ndi chikhadabo, anafikisa dothilo pakati pa zala, analinunkhiza.

"Matope," anatelo.

"Mtsilo," anamukonza Linah. "Matope ndi a kwanu."

"Khoma lonse?"

"Lonse," anatelo Consolata. "Ndi phulusa pang'ono."

Beverly anakhala pa mpando uja anaukana poyamba, anaika nkhope m'manja, ndipo mapewa ake anayamba kugwedezeka. Consolata anaganiza kuti akulila. Pamene anadzutsa mutu, misozi inalidi m'maso, koma inali ya kuseka.

"Ine ndi sukulu yanga yonse, mwandiimitsa pamsewu ngati chitsa! Ndiye n'chifukwa chake mumandikankhila tiyi?"

"Tinaopa kuti mungatiseke," anatelo Consolata.

"Ndikusekani kumene. Ndidzakusekani mpaka ku Chipata. Koma izi zimachoka ndi madzi, amama. Njelwa sizinavulale ngakhale pang'ono."

Apo Consolata anakhala pansi penipeni, pamatope pomwepo, ndi chitenje chake cha tchalitchi. Azimayi anayamba nthungululu. Mwini sitolo yoyandikana ankauza aliyense kuti iye ankadziwa kuyambila pachiyambi.

Cornelius anayandikila, foni ili m'manja, osasamalanso za fumbi.

"Simenti yanga ili kuti?"

"Ili m'chipinda, bwana, yonse," anatelo Consolata ali pansi pomwepo. "Sitinatumbule thumba ngakhale limodzi. A Whiteson ali pa malilo a apongozi awo ku Mwase. Akuika lelo. Mukafuna kupepesa, foni yawo muli nayo."

"Mwandinamiza."

"Ife tangozila, bwana. Za simenti yeniyeni yosanyenga mwanena ndinu."

Anthu mumsewu anaseka. Beverly anaimilila, anapukuta m'maso, n'kutenga Cornelius kupita naye pambali. Sanakweze mawu, koma Linah, amene anapezeka akusesa pafupi pomwepo, anamva zonse. Beverly anauza Cornelius kuti kuyambila tsiku limenelo nkhani ya nyumbayo ili m'manja mwa ofesi, ndipo pakhomapo pasadzafike simenti, penti kapena nyundo mpaka akuluakulu atagamula. Anati zimenezi amupatsa zolembedwa asananyamuke, kuti netiweki isavutenso. Cornelius anakalowa m'galimoto yake, anakweza magalasi, n'kuyamba kulankhula pa foni akumenya chiwongolelo.

Kutsuka kunayamba nthawi yomweyo. Beverly analamula kuti agwilitse madzi ndi masaka okha, asakhudze bulashi ya waya kapena mpeni. Wokonza njinga anamangilila zigubu pa njinga ya kasitomala n'kumakatunga kumpopi. Anyamata a minibasi awili anavula malaya n'kukwela pa migolo, akuti sangalole amama agwe kachiwili, ngakhale palibe anagwapo koyamba.

"Masiku awili kupaka, msana wanga wonse," anadandaula Linah akufinya saka. "Lelo Mubemba akuti chotsani. Boma ili likanakhala mwamuna ndikanalisiya ukwati."

"Pukutani bwino pakonapo, ambuya," anatelo Beverly ali kuseli kwa kamela. "Mukusiya mbewa."

Njelwa zonyowazo zinatuluka zofiila kuposa kale, chifukwa dothi linachoka pamodzi ndi fumbi la zaka zambili. Beverly anayeza makomo, anajambula mizele yakuda ija kuyambila kumapeto mpaka kumapeto, anakwela ngakhale pa mgolo kuti aone mitanda ya denga. Atamaliza, Consolata anamutsatila ku galimoto.

"Mayi, ndiuzeni zoona, osandinyengelela. Nyumbayi yapulumuka?"

"Kugamula si kwanga, ndipo zimatenga miyezi. Koma ndi zimene ndajambulazi, ndingadabwe atakana."

"Nanga ife? Atithamangitsa?"

"Nyumba ndi yake, amama. Akafuna angathe. Koma ogula aja ankafuna bwalo, osati nyumba. Nyumba yoti sangaigwetse ndani angaigule? Adzafuna anthu okhalamo, ndipo inu muli kale pano. Mwina adzakukwezelani lendi chifukwa cha mkwiyo."

"Za lendi tidzakangana," anatelo Consolata. "Kukangana ndimakudziwa."

Galimoto yoyela itapita, anasamba m'manja ndi m'mapazi, anasintha chitenje, n'kukokela makina pa nsanamila yake. Pa benchi panali mayi wina amene anadikila kuyambila m'mawa ndi yunifolomu ya mwana yong'ambika m'khwapa, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti zakale za dziko sizikumukhudza.

Consolata anatenga ulusi, anaunyowetsa ndi malovu, n'kuyesa kuulowetsa pa singano. Zala zong'ambika zija zinakana kupindika. Anayesa kachiwili, ulusi unapita pambali.

"Tandilowetseleni, amama, maso anu akadali atsopano."

Mayiyo anawelama, analowetsa ulusiwo, n'kufunsa ngati yunifolomuyo itheka lelo, poti mwana akufunika kusukulu mawa.

"Iyi itheka. Zina zimene muli nazo kunyumba mubwele nazo sabata ya mawa, manja akapola."

"Ndidzakupezani kuti? Paja akuti mukusamuka."

"Pompano," anatelo Consolata, n'kuponda chopalasila.